Malogi a firewall amangosowera panjira

Ofesi ina ili ku Ulongué, ina ku Furancungo, seva yosunga malogi a firewall (zolemba za chipangizo cholondera netiweki) ili mumzinda wa Tete, zonse zolumikizidwa ndi VPN ya IPsec, tanelo yachinsinsi yodutsa pa intaneti. Abwana akafunsa kuti ndani analowa pa netiweki Lachiwiri usiku, mutsegula seva n'kupeza mulibe kanthu. Zimatopetsa!

Wolakwa woyamba ndi syslog (njira yotumizira malogi) ya UDP pa port 514, imene ambiri amangoisiya momwe inabwerera. UDP imangoponya uthenga osafunsa ngati wafika. Magetsi akathima kapena intaneti ikadukaduka nthawi ya mvula, tanelo imagwa, firewall n'kumatumizabe malogi m'malere. Apita basi, sabwereranso. Sinthirani ku TCP, imene imatsimikiza kuti uthenga wafika, kapena TLS (yobisanso uthengawo) pa port 6514, ndipo pa ofesi iliyonse ikani kakompyuta ka rsyslog (pulogalamu yolandira ndi kutumiza malogi) kosungira malogi pa disiki mpaka tanelo idzuke.

Chokwiyitsa koposa n'chakuti nthawi zina tanelo ili bwinobwino, ping (yoyesera ngati mbali inayo ikumva) ikuyankha, koma malogi zii. Apa firewall ikutumiza uthenga wake ndi adiresi ya WAN (ya kunja, ya ku intaneti), yomwe ilibe chilolezo chodutsa mu tanelo. Iuzeni itumize ndi adiresi ya LAN (ya netiweki ya mkati mwa ofesi). Palinso MTU, malire a kukula kwa paketi ya deta: IPsec imawonjezera zake pa paketi iliyonse, ndiye ya mabayiti 1500 sikwana. Tsitsani MSS (malire a deta mu paketi imodzi ya TCP) ifike cha m'ma 1360.

Nayonso nthawi. Kabokosi kopanda NTP (njira yokonzera wotchi kudzera pa netiweki) kakayaka magetsi atabwera kamatha kulemba 1970, kena kakulemba UTC (nthawi yoyendera dziko lonse lapansi), kena nthawi yathu ya UTC+2. Ndiye mufananitsa bwanji zimenezo?