Mankhwala a nthata aja sanali abodza, wopupuluma ndinali ine

Chaka chatha nthawi yotentha ija ndinalemba pano kuti mankhwala a nthata omwe ndinagula m'tauni ndi achinyengo. Lero ndabwera kudzabweza mawu aja.

Kwathu Loweruka ndi tsiku lochapa, ndiye thovu likatsala m'beseni timasambitsira galu wathu Bruno. Tsiku limenelo atangotuluka m'madzi, ubweya ukudontha, ndinathyola kamutu ka kachubu ka mankhwalawo, otchedwa Frontline, n'kumufinyira pamsana. Iye anadzikutumula kamodzi, madontho mpaka pamalaya panga, kenako uyo kukagubuduka pafumbi. Sabata isanathe anali atayambiranso kudzikanda usiku wonse, mwendo ukumenya chitseko cha kukhitchini ngati kwabwera mlendo.

Amene anandiwongola ndi dokotala wa ziweto, ndipo anayamba waseka kaye. Mankhwala odontheza pakhosi a mtundu umenewu, omwe muli fipronil, sadalira magazi a galu. Amafalikira thupi lonse potsata mafuta a pakhungu, n'kukabisala m'timabowo momwe mumamera ubweya, kenako amatuluka pang'onopang'ono kwa mwezi wathunthu. Nanga sopo wochapira zovala ntchito yake n'chiyani? Kuchotsa mafuta. Ndiye kuti ine ndinakokolola njira yonse yoti mankhwala adutsemo, n'kuwathira paubweya wonyowa, galu n'kuwamwazira pabwalo. Ndalama zanga zinamwedwa ndi dothi.

Mukamusambitsa galu, dikirani masiku 2 musanathire mankhwala, aume bwinobwino mafuta abwerere. Mukathira, padutsenso masiku 2 asanakhudze madzi, ndipo ngati kumwamba kwachita mdima mulowetseni pakhonde. Pothirapo patulani ubweya ndi zala mpaka khungu lioneke, pakati pa mapewa pomwe lilime lake silifika. Ambirife timangothira pamwamba ngati tikudzoza mwana mafuta.

Amene mumapatsa galu mapiritsi otafuna, NexGard wa mwezi ndi mwezi kapena Bravecto wa masabata 12, nkhani ya kusambayi sikukukhudzani chifukwa amenewo amagwira ntchito m'magazi. Kungoti mtengo wake si wa aliyense.

Chomwe chimandiwawa ndi choti tikaona kuti zakanika timathamangira oilo wakutha wa galimoto, palafini, ena mpaka mankhwala opopera thonje. Achimwene, galu amadzinyambita. Zimenezo zimamuwotcha khungu, zina zimalowa m'mimba, ndiye akafa tiziti wadyetsedwa poizoni ndi aneba. Enanso amagawirako mphaka mankhwala a galu, osadziwa kuti omwe muli permethrin, monga Advantix, amapha mphaka.

China chomwe ndinaphunzira mochedwa: nthata zomwe mukuziona zikuthamanga pamimba pa galu ndi zochepa chabe. Yaikazi imodzi imatha kuikira mazira 50 patsiku, ndipo mazirawo sakhala pathupi, amayoyokera pomwe galu amagona. Kwathu anali m'chiguduli chakale chomwe chinali kuseri kwa mbaula kuyambira Bruno ali kamwana. Chimenecho ndinachiwotcha, pansi ndinasesa mpaka m'ming'alu ya simenti n'kuthirapo madzi otentha.

Pano Bruno amasamba Loweruka, mankhwala amalandira Lolemba madzulo ndikaweruka kuntchito. Ana anajambula kagalu pakalendala kuti ndisaiwale, ngakhale kagaluko kakufanana kwambiri ndi mbuzi.