Musamandifunse kuti imathamanga bwanji

Dzulo madzulo nditaima ndi njinga yanga yamoto pa Chimbiya kuti ndigule tomato, anyamata a kabaza anandiunjirira monga amachitira masiku onse. Wina kusisita thanki, wina kusuzumira pa mita. Funso lawo silisintha: "Achimwene, chimenechi chimathamanga bwanji?" Funso limeneli limandipweteka mtima, ndipo lero ndati ndinenepo maganizo anga.

Chino ndi chaka chachitatu ndikuyenda pa Kawasaki Versys 650 kuchoka kwathu pa Dedza boma kupita ku ntchito ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 85 kupita, enanso 85 kubwerera. Ndisanagule iyi ndinali ndi kanjinga ka 150cc, ndiye ndikulankhula zomwe ndinaziona pa msewu womwewu wa M1. Mathiraki olowera pa boda ya Dedza kuchokera ku Mozambique mumawadziwa kutalika kwake. Ukakhala pa njinga yaing'ono, thiraki ikakupitirira mphepo yake imakukankhira kumapeto kwa tala, kumene kuli kokumbikakumbika. Ukafuna kuipitirira iweyo pa chitunda, umakoka mafuta mpaka kumapeto koma njinga ikungolira, iwe uli mbali ya eni ake, basi ikubwera kutsogoloko ikukuthwanimira magetsi. Nthawi imene umatha uli mbali imeneyo ndi imene imapha anthu. Pa 650 ndimatsitsa giya imodzi, ndadutsa, ndabwerera mbali yanga. Choyamba ndi chimenecho: mphamvu ya injini ndimaifunira zimenezo basi. Masiku ambiri sindiyenda liwiro loposa la minibasi.

Chachiwiri ndi mabuleki. Kutsogolo ili ndi madisiki awiri, ndipo yangayi ili ndi ABS, yomwe imaletsa tayala kuuma ukagwira buleki mwadzidzidzi. Tsiku lina m'mawa pafupi ndi Linthipe, kutagwa kamvula, mbuzi zitatu zinatulukira m'chimanga, kamwana kakuzithamangira pambuyo. Ndinafinya buleki ndi mphamvu zonse. Ndinamva chogwirira chikunjenjemera m'zala, njinga n'kuima chilili, kamwanako kali potero, maso ali tong'o. Ndinakhala pambali pa msewu kanthawi ndithu miyendo ikugwedezeka. Pa njinga yanga yakale ija tayala likanaterereka, ndipo sindifuna n'komwe kuganiza kuti tikanathera pati.

Nanga kuzizira kwa kuno? Tauni yathuyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu June ndi July ukanyamuka 5 koloko nkhungu imakhala itaphimba phiri lonse. Galasi lakutsogolo la njinga zoterezi limachotsa mphepo pachifuwa, umakhala mowongoka osawerama, ukafika ku ofesi msana uli bwinobwino. Komabe popanda magolovesi okhuthala ndi jekete yeniyeni, pofika pa Nathenje zala zimakhala zitauma moti kumasula lamba wa chipewa kumakanika. Zala zouma sizigwira buleki msanga.

Sindikunamizani kuti ndi yotsika mtengo. Mafuta okha ndiye siidya kwambiri: thanki yake ndi ya malita 21, ndipo ndikadzaza ndimapita ku Lilongwe n'kubwerera kawiri. Nthawi ya mizere ya mafuta zimenezi zandipulumutsa, ngakhale mafuta a m'zigubu ndimawaopa, poti injini yake si ya kabuleta ndipo siifuna zinyalala kapena madzi. Pamene pamawawa ndi pa matayala. Lakumbuyo ndi 160/60-17, simungalipeze pa msika wa Dedza. Ine ndimachita kuitanitsa ku Johannesburg, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndinaumva mtengo wake. Tcheni ndimatsuka ndi kuthira oyilo Loweruka lililonse chifukwa fumbi lathuli limadya zitsulo. Amakaniko a pansi pa mtengo ndi akatswiri pa njinga za kabaza, koma iyi ambiri sanaitsegulepo, ndiye zing'onozing'ono ndinaphunzira kukonza ndekha. Ndi yolemeranso, kupitirira makilogalamu 200. Kumudzi kwa amayi kuseri kwa Bembeke, mvula ikagwa sindipita nayo. Ndi njinga ya pa tala.

Ndiye amene mumandilembera ku inbox kuti mukufuna kugula yotere, ndikupemphani, werengerani kaye chipewa chabwino, jekete, magolovesi, nsapato zobisa akakolo, inshuwalansi, ndi laisensi ya Code A, poti A1 imathera pa 125cc. Ngati ndalama ikukwana njinga yokha, dikirani kaye. Ndikunena izi chifukwa maliro a anyamata a njinga tawaika ambiri kuno, ena a iwo ndinkawadziwa ndi maina.

Mayi akunyumba poyamba sankagona mpaka atamva kulira kwa njingayi pa geti. Tsopano Loweruka lina timakwera tonse, kutsika Khwekhwelere pang'onopang'ono, kona ndi kona, chigwa chonse cha Golomoti chili pansi pathu, mpaka kukafika ku Mua. Pamenepo ndi pamene ndimaikondera njingayi, ili mu giya yachitatu, osathamanga.

Mnyamata amene anandifunsa pa Chimbiya dzulo uja sindinamuyankhe za liwiro. Ndinamupempha kuti andionetse chipewa chake. Chinali chong'aluka pamwamba, lamba anaduka kalekale, amangochikhazika pamutu kuti apolisi apamsewu asamugwire. Ndinamufunsa ngati ali pabanja, anati ali ndi mkazi ndi mwana wa miyezi isanu. Kunyumba ndili ndi chipewa china chomwe sichinagwepo, lamba wake ali bwino. Ndamuuza kuti Lolemba m'mawa andidikire pomwepo.