Ku Zanzibar, muzidya nthawi imene eni chilumba akudya

Masiku ano si zachilendonso kuona anzathu akuika pa Facebook zithunzi zojambulidwa ku Zanzibar, ena atapitako pandege, ena atatulukira pachipata cha Songwe n'kukafika ku Dar es Salaam, kumene sitima yapamadzi yothamanga imatenga pafupifupi maola awiri kuti ikakocheze padoko la Stone Town, tauni yakale ya pachilumbachi. Zithunzizo zimakhala zokongola ndithu, koma ndikayang'anitsitsa mbale zimene zili patebulo, nthawi zambiri ndimapezamo tchipisi, nkhuku yokazinga ndi saladi, zakudya zimene munthu akanatha kudya ku Lilongwe kapena ku Blantyre popanda kulipira ulendo wautali choncho. Maganizo anga ndi akuti mlendo amene akufuna kulawa chakudya chenicheni cha pachilumbachi asayambe ndi kufunsa kuti malo odyera otchuka ndi ati, koma ayambe ndi kuphunzira nthawi imene eni dziko amadya, chifukwa ku Zanzibar chakudya chilichonse chili ndi ola lake, ndipo chikadutsa ola limenelo chimakhala chinthu china.

Ambiri amagona kumahotela a m'mphepete mwa nyanja ku Nungwi, ku Kendwa kapena ku Paje, kumene munthu amalipira kamodzi n'kumadya katatu patsiku modzitengera yekha. Sindikunyoza dongosolo limeneli, makamaka kwa banja limene layenda ndi ana aang'ono, pakuti limachotsa nkhawa zambiri. Koma tiyenera kudziwa kuti wophika wa m'hotela yotere amaphikira alendo ambirimbiri ochokera ku Italy, ku Germany ndi kumaiko ena, choncho amachepetsa tsabola ndi zonunkhiritsa kuti pasapezeke wodandaula. Ngakhale usiku umene amati akuphika zakudya za Chiswahili, zimene zimafika patebulo zimakhala zofewetsedwa kuti zikomere aliyense. Munthu angathe kukhala sabata yonse kumeneko, n'kubwerera kwawo akunena kuti chakudya cha ku Zanzibar n'chosasiyana ndi cha kwina kulikonse.

Amene atuluka m'hotela nthawi zambiri amatengeredwa ku Forodhani, bwalo la m'mphepete mwa nyanja ku Stone Town, moyang'anizana ndi linga lakale ndiponso nyumba yaikulu yotchedwa House of Wonders imene Sultan Barghash anamanga mu 1883. Bwaloli linakonzedwanso ndi bungwe la Aga Khan Trust for Culture ndipo linatsegulidwanso mu 2009. Dzuwa likangolowa, ogulitsa ovala zipewa zoyera amayala matebulo, amayatsa nyali ndi makala, ndipo anyamata amadumphira m'nyanja kuchokera pakhoma anthu akuwaombera m'manja. Malo amenewa ndi oyenera kuwaona, ndipo palibe angatsutse. Komabe, pano m'pamene ndimasiyana maganizo ndi ambiri. Matebulo amene amakopa maso kwambiri, aja odzaza ndi nkhanu, lobster, ma prawns ndi nsomba zotungidwa patimitengo, ndi amene ine ndimawadutsa. Zambiri mwa zimenezo zimakhala zophikidwiratu, zimangotenthetsedwa pamakala wogula akasankha, ndipo m'dera lotentha chotere palibe njira yodziwira kuti zakhala maola angati pamtetete. Chinanso, mukayang'ana amene akugula pamatebulo amenewo mudzaona kuti pafupifupi onse ndi alendo. Mabanja a eni dziko, amayi atavala mabuibui awo, mikanjo yakuda yofika kumapazi, ndi ana ali m'manja, amakhala pamzere kwina, kwa wogulitsa urojo, kwa wofinya nzimbe, kapena pachiwaya pamene akuphika chimene amachitcha Zanzibar pizza.

Chakudya chomalizachi sichifanana ndi pizza ya ku Italy. Ndi mtanda wa ufa watirigu wopyapyala kwambiri umene amaikamo nyama yogaya, anyezi, dzira laliwisi, tchizi pang'ono ndi mayonezi, kenako amaupinda m'mbali n'kuukazinga pachiwaya inu mukuona. Sindinganene kuti ndi chakudya cha makolo a pachilumbachi, ndipo chimakhala ndi mafuta ambiri, koma ubwino wake ndi wakuti chimachoka pamoto kulowa m'manja mwanu. Madzi a nzimbe nawonso amafinyidwa pomwepo pamakina opukusa, ataphatikizamo jinja ndi ndimu. Amene ali ndi m'mimba mosachedwa kuvuta angapemphe kuti asamuikire ayisi.

Urojo ndiye chakudya chimene ndingauze aliyense kuti asachoke pachilumbachi asanachilawe. Ndi msuzi wachikasu wolemerera pang'ono ndi ufa, wowawasa chifukwa cha mango osapsa kapena ndimu, ndipo m'mbale amaikamo mbatatesi yophika, timibulu tokazinga ta ufa wa nyemba totchedwa bajia, mbatatesi yonyenya yokazinga yotchedwa kachori, nthawi zina dzira lophika kapena kanyenya wotungidwa pakamtengo amene iwo amati mishkaki, ndipo pamwamba amawaza tizidutswa ta chinangwa tokazinga touma, chatini cha kokonati ndi tsabola. M'mbale imodzi yotchipa muli zowawasa, zowawa, zofewa ndi zokhukhuta, ndipo muli chizindikiro cha amalonda a ku India amene anakhazikika pachilumbachi kalekale. Chakudyachi chimagulitsidwa m'tinjira tambiri ta Stone Town ndi m'madera ena a tauni, kawirikawiri ndi amayi amene akhala akuchiphika pamalo amodzi kwa zaka zambiri, ndipo msuzi wawo umatha tsiku lomwelo chifukwa ogula sasowa.

Koma ndibwerere pankhani ya nthawi, pakuti ndi pamene pagona zonse. M'mawa kwambiri, anthu akamachokera kumapemphero a mbandakucha, pamphambano zina za Stone Town, monga pamalo otchedwa Jaws Corner, pamakhala abambo akumwa khofi wakuda wowawa m'timakapu topanda zogwirira. Khofiyo sathiramo shuga, koma amamwera kashata, yemwe ndi mtedza kapena kokonati wophikidwa m'shuga. Nthawi yomweyi ndi ya buledi wa chitowe wotchedwa mkate wa ufuta, mandasi onunkhira iliki (cardamom), ndi vitumbua, zimene zimaphikidwa ndi ufa wa mpunga ndi mkaka wa kokonati. Zonsezi zimakoma zikadali zotentha, ndipo pofika nthawi imene mlendo wa m'hotela akudzuka, zambiri zimakhala zitatha. Nthawi yomweyonso ndi yabwino kupita kumsika wa Darajani, umene unamangidwa mu 1904, kukaona nsomba zimene zabwera tsikulo. Fungo lake n'lamphamvu, koma munthu amene wazolowera madoko a ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay sangadabwe nalo, ndipo akaona nsomba imene yachuluka m'mawawo amadziwa chimene angaitanitse masana.

Chakudya chachikulu cha eni dziko ndi chamasana, osati chamadzulo. Malo odyera a anthu wamba amamaliza kuphika dzuwa lili paliwombo, ndipo amene wafika pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko amapeza miphika ikadali nthunzi tolotolo. Pamenepo mpamene mungadye pilau, mpunga wophikidwa mumphika umodzi ndi msuzi wa nyama pamodzi ndi karafuu (cloves), sinamoni, iliki ndi tsabola wakuda, womwe amadyera kachumbari wa tomato ndi anyezi. Biriani ndi wosiyana, pakuti mpunga umaphikidwa pawokha, ndiwo zake za msuzi wolemera wa anyezi wokazinga zimaphikidwanso pazokha, n'kudzakumana m'mbale, ndipo tsiku limene anthu ambiri amamudya ndi Lachisanu akatuluka kumzikiti. Palinso mpunga wophikidwa mumkaka wa kokonati, nyemba za kokonati, chinangwa cha kokonati, nthochi zosapsa zophikidwa ndi nyama, ndi nsomba yowotcha yopakidwa msuzi wa kokonati imene amaitcha samaki wa kupaka. Kokonati kumeneko amagwira ntchito imene nsinjiro zimagwira kwathu, ndipo amakandwa ndi kufinyidwa tsiku lomwelo, chifukwa chake chakudya chotere sichichedwa kusasa. Amene amafika pamalo amenewa usiku amapeza zotsala za masana, kenako amabwera kudzalemba kuti chakudya cha ku Zanzibar sichikoma.

Tsopano ndinene za pweza, nyama ya m'nyanja yamchere ya miyendo isanu ndi itatu, imene ambiri a ife timangoiona pakanema ndipo timanyansidwa nayo tisanailawe. Kugombe la kum'mawa, monga ku Paje ndi ku Jambiani, madzi akaphwa amabwerera kutali kwambiri, ndipo anthu, ambiri mwa iwo amayi, amayenda pamatanthwe ndi timitengo kusaka nyamayi m'mauna. Akaigwira amaimenya pamchenga kapena pamwala kuti ifewe, kenako amaiphika pang'onopang'ono mumkaka wa kokonati ndi chikasu, adyo ndi ndimu. Yophikidwa bwino imakhala yofewa ndipo sinunkha monga mmene ambiri amaopera, koma yotenthetsedwa kachiwiri pamakala imalimba moti nsagwada zimatopa. Apanso, kusiyana kwake ndi nthawi. Midzi ina, makamaka pachilumba cha Pemba, imatseka malo osakirako pweza kwa miyezi ingapo kuti akule ndi kuswana, choncho mukauzidwa kuti lero kulibe, musaganize kuti akukumanani dala. Ndionjezepo chenjezo limodzi losafuna nthabwala: pali anthu amene thupi lawo limadana ndi nkhanu, ma prawns ndi zina zotere, ndipo popeza ambiri a ife tinakulira chambo, usipa ndi kampango, sitidziwa ngati tili m'gulu limenelo. Woyamba kumene alawe pang'ono, ndipo akaona kuyabwa, kutupa milomo kapena kubanika, athamangire kuchipatala msanga.

Pali chifukwa china chimene ndimaonera kuti ife makamaka sitiyenera kudya pachilumbachi ngati anthu osadziwa kanthu. Karafuu amene amanunkhira mu pilau anafalikira ku Zanzibar ndi ku Pemba m'nthawi ya Seyyid Said, wolamulira wa ku Oman amene anasamutsira likulu lake kuchoka ku Muscat kupita ku Zanzibar cha m'ma 1840. Minda ya karafuu inkalimidwa ndi akapolo, ndipo ambiri mwa iwo ankatengedwa m'madera ozungulira nyanja ya Malawi kudzera padoko la Kilwa, kugombe la Tanzania. Msika wa akapolo wa ku Stone Town unatsekedwa mu 1873, ndipo pamalopo panamangidwa tchalitchi chachikulu cha Anglican chimene chilipo mpaka lero. Njira yomweyo ndi imene inabweretsa a Jumbe ku Nkhotakota, amene mbiri imawatchula pofotokoza za kukula kwa ulimi wa mpunga m'derali. Choncho ulendo wokaona minda ya zonunkhiritsa ku Kizimbani, kumene anyamata amakwera mitengo ya kokonati akuimba n'kumalukira alendo zipewa za masamba, ndi wosangalatsa, koma kwa ife nkhani yake ndi yozama kuposa mmene otsogolera alendo ambiri amaifotokozera.

Za mitengo ndinene mwachidule. Funsani mtengo chakudya chisanaikidwe pamoto, ndipo funsani ngati mtengowo ndi wa mbale yonse kapena wa kamtengo kamodzi ka nyama, chifukwa mikangano yambiri ya ku Forodhani imayambira pamenepo. Yendani ndi ndalama za dzikolo, mashilingi a ku Tanzania. Koma sindigwirizana ndi khalidwe lonenerera mpaka mayi wogulitsa urojo atsale wopanda phindu, pamene munthu yemweyo amalipira mosadandaula mtengo wokwera kwambiri wa botolo la madzi kuhotela. Amene wapukwa nsima asadandaule, pakuti ugali umapezeka, ngakhale kuti ndi wolimbirapo kuposa nsima yathu ya ufa woyera ndipo eni chilumba ambiri amakonda mpunga.

Anthu a ku Zanzibar pafupifupi onse ndi Asilamu, ndipo zimenezi zimakhudza kadyedwe mwachindunji. Nyama ya nkhumba simungaipeze pamalo odyera a anthu wamba, mowa umagulitsidwa m'mahotela ndi m'malo ochepa okha, amadya ndi dzanja lamanja, ndipo kulowa m'malo odyera a m'tauni mutavala zosambira nazo m'nyanja ndi kusalemekeza eni ake. Koposa zonse, yang'anani kalendala musanagule tikiti, chifukwa mwezi wa Ramadan umasuntha chaka ndi chaka, kubwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11. M'mwezi umenewu malo ambiri odyera a m'tauni amakhala otseka masana onse, ndipo kudya, kumwa kapena kusuta fodya pamsewu dzuwa lisanalowe n'kosaloledwa ngakhale kwa mlendo. Ena amaona kuti imeneyi ndi nthawi yoipa yopitira kumeneko, ndipo kwa amene cholinga chake ndi pilau wamasana akunena zoona. Koma dzuwa likalowa ndipo kuitana kwa kumzikiti kwamveka, pamabwera chakudya chomasulira kusala chotchedwa futari, ndipo mpamene pamatuluka zinthu zimene miyezi ina sizionekaoneka pamsewu: phala lotentha la tsabola wakuda, tambi wotsekemera (wonga supageti wopyapyala), maungu ndi nthochi zakupsa zophikidwa mukokonati, chinangwa cha kokonati ndi nsomba, ndiponso zipatso za tende (dates) zimene amayambira asanakhudze china chilichonse.