Makina a masiku ano samudziwa munthu wa m'malire

Ntchito yanga ndi yokonza masamba a pa intaneti, zizindikiro za malonda ndi zikwangwani, ndipo ndimaigwirira ku Ulongwe, m'boma la Angónia kuno ku chigawo cha Tete, ngakhale kuti kwathu ndi ku Dedza, kuseri kwa chipata cha Calomue. Mitengo ya m'ma meticais ndinaizolowera, Chipwitikizi cha mu ofesi ndimachimva, ndipo njira yotsikira ku mzinda wa Tete ndimaidziwa bwino. Chimene chikundiwawa mpaka lero ndi chakuti anthu amene amalamula mmene mapulogalamu ndi masamba a pa intaneti ayenera kukhalira amakonza zinthu zawo poganizira munthu wa dziko limodzi, wa nambala imodzi ya foni, wa chilankhulo chimodzi, amene ali ndi khadi la ku banki ndiponso intaneti yosatha. Munthu woteroyo kuno kumalire kulibe, koma ife amene tilipo ndi amene timalipira mtengo wa maganizo awowo tsiku ndi tsiku.

Ndiyambe ndi kulemera kwa masamba, kutanthauza kuchuluka kwa bandulo imene tsamba limadya potseguka, chifukwa ndi pamene ndalama za anthu osauka zikuthera. Gulu lina la alimi a mbatatesi ndi soya linapeza thandizo la ndalama, ndipo linalemba ntchito kampani ina ya kutali kuti iwakonzere tsamba loonetsa mitengo ndi masiku ogula mbewu. Tsambalo litatha anandiitana kuti ndikaone chifukwa chake alimi sakuligwiritsa ntchito. Ndinabwereka foni ya mayi wina wa m'gululo, foni ya Android yotsika mtengo yokhala ndi galasi long'aluka pakona, ndipo tinaima panja pa nkhokwe dzuwa lili pamutu. Choyamba kubwera chinali kabwalo kozungulirazungulira. Kenaka kanema wa minda wojambulidwa kuchokera m'mwamba anayamba kudzisewera yekha popanda womupempha, foni inatentha m'manja, ndipo mitengo ya soya imene mayiyo ankaifuna isanaoneke, uthenga unalowa wonena kuti bandulo yatha. Titagula ina n'kuyesanso, tinapeza kuti mitengoyo inalembedwa ndi zilembo zopyapyala zotuwa pamalo oyera, moti mayiyo anachita kuphimba foni ndi chitenje kuti awerenge. Anandibwezera mawu amodzi okha, akuti bola kuimbira foni mlembi wa gulu monga ankachitira kale.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti nzeru zopewera zonsezi zilipo kale, ndipo si zachinsinsi. M'chaka cha 2010 Ethan Marcotte anafotokoza njira yokonzera tsamba limodzi kuti lizidzisintha lokha molingana ndi kukula kwa sikirini, kaya ndi ya kompyuta kaya ya foni. Chaka chomwecho Google inatulutsa WebP, njira yosungira zithunzi imene imachepetsa kulemera kwake popanda kuwononga maonekedwe. Malangizo a WCAG okonzera masamba oti aliyense athe kuwagwiritsa ntchito, amene amasindikizidwa ndi W3C, bungwe loika miyezo ya masamba a pa intaneti, amanena momveka kuti zilembo wamba ziyenera kusiyana ndi mtundu wa kumbuyo kwake pa mlingo wosachepera 4.5 kwa 1, kuti ngakhale wa maso ofooka athe kuwerenga. Wophunzira dizayini aliyense amazimva zimenezi. Komabe tsamba wamba la masiku ano limalemera kupitirira ma MB 2, ndipo gawo lalikulu la katunduyo ndi zithunzi zosachepetsedwa ndi JavaScript (malamulo a pulogalamu oyendetsa tsamba) wochuluka amene foni yotsika mtengo imavutika kumuyendetsa. Wokonza tsamba amaliyesa pa laputopu yamphamvu mu ofesi ya intaneti yothamanga ku Maputo, ku Johannesburg kapena ku Lisbon, amaona kuti zonse zili bwino, amalandira malipiro ake, ndipo sadzafika ku Tsangano kudzaona mlimi akukweza foni m'mwamba kufunafuna netiweki.

Ndikafuna kuonetsa achinyamata amene ndimawaphunzitsa chitsanzo cha ntchito yokonzedwa bwino, ndimawauza kuti ayimbe *150# pa foni. Imeneyi ndi nambala ya M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni. M-Pesa inayamba kuno ku Mozambique m'chaka cha 2013, ndipo pamodzi ndi e-Mola ndi mKesh, komanso Airtel Money ndi Mpamba za kwathu, imagwira ntchito pa foni ya mabatani popanda bandulo. Mulibe chithunzi ngakhale chimodzi, koma amayi ogulitsa tomato pamsika amadziwa manambala ake pamtima, moti amatumiza ndalama akucheza ndi kasitomala, maso ali kwina. Amene anakonza njira imeneyo anayamba aganizira foni imene munthu ali nayo m'thumba, ndipo m'maso mwanga imeneyo ndiyo dizayini yeniyeni, ngakhale kuti siionetsedwa pa misonkhano ya akatswiri.

Tsopano ndifike pa zimene zimandikhudza ine monga mlendo. Aliyense wokhala m'mbali mwa malire awa ali ndi ma SIM awiri, ina ya ku Mozambique yoyamba ndi +258 ndi ina ya ku Malawi yoyamba ndi +265, chifukwa abale, msika, maliro ndi chipatala zili mbali zonse ziwiri. Pa msewu wochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu, malo ngati Lizulu, munthu amangodumpha msewu n'kukhala kuti walowa dziko lina, ndipo foni imasintha netiweki yokha mwini wake osadziwa. Mapulogalamu ambiri akaona zimenezi amayesa kuti akaunti yabedwa. Tsiku lina ndili pakati pa ntchito ya kasitomala, pulogalamu ina imene ndimasungiramo mafayilo inanditsekera kunja, ndipo inatumiza nambala yotsimikizira pa SIM ya kwathu, imene pamalo pamene ndinali sinkagwira. Ndinakwera njinga yamoto kupita kufupi ndi chipata kuti uthengawo ulowe, koma pamene ndinabwerera pa kompyuta nthawi ya nambalayo inali itatha. Panalibe munthu woti ndimudandaulire, koma makina oyankha okha amene ankangobwereza kuti nditsimikize kuti ndine mwini wake pogwiritsa ntchito nambala yomweyo.

Mafomu a pa intaneti ndiye amandichititsa manyazi koposa, chifukwa amene amawakonza ndi anzanga a ntchito imodzi. Fomu imafuna nambala ya chiphaso cha nzika, ndipo bokosi lake limalandira manambala okhawo a mtundu umenewo, pamene ine monga mlendo ndili ndi DIRE, chiphaso cholola mlendo kukhala m'dziko lino, ndi pasipoti. NUIT, nambala yolipirira msonkho, ndili nayo, msonkho ndimapereka ngati wina aliyense, koma fomu ilibe malo a munthu wopereka msonkho amene si nzika. Ina imafuna dzina la msewu ndi nambala ya nyumba, ndipo siilola kupitirira popanda zimenezo, chonsecho makasitomala anga ambiri amalondolera kwawo potchula mpingo, chigayo kapena dzina la mfumu. Kuwonjezera bokosi limodzi lakuti munthu asankhe mtundu wa chiphaso chake ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa wolemba pulogalamu. Sachita zimenezo chifukwa m'mutu mwake mulibe chithunzi cha munthu wonga ine, ndipo zotsatira zake n'zakuti ndimatseka shopu n'kukwera basi kukaima pa mzere ku ofesi, kukachita ndi manja chinthu chimene ankati makina adzatipeputsira.

Nkhani ya chilankhulo imandipweteka mwa mtundu wina, chifukwa pamenepa olakwa ena ndi ife eni ake. Ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga anthu amalankhula Chichewa m'nyumba, kumunda ndi pamsika, ku mzinda wa Tete kuli Chinyungwe, ndipo wailesi imaulutsa m'zilankhulo zimenezi tsiku lililonse popanda wodabwa. Malamulo aakulu a dziko lino amati Chipwitikizi ndicho chilankhulo cha boma, komanso amalemekeza zilankhulo za makolo. Ngakhale Google Translate inaika Chichewa m'chaka cha 2014. Koma ndikamuuza mwini sitolo ya mbewu ndi feteleza kuti tsamba lake likhale ndi Chichewa pambali pa Chipwitikizi, amakana, akuti anthu adzaona ngati kampani yake ndi ya kumudzi. Ndimamufunsa kuti kodi amene amagula feteleza amakhala kuti, koma amangoseka n'kusintha nkhani. Akavomera, vuto lina limabuka, chifukwa ma template ambiri (maonekedwe a tsamba okonzedweratu) a WordPress, pulogalamu yomangira masamba, anakonzedwa poyeza mawu afupiafupi a Chingerezi, ndipo mawu athu aatali amasefukira kunja kwa batani kapena kudukira pakati. Zimenezi zimakonzeka, ndipo ndimazikonza, koma ndi ntchito imene palibe amafuna kuilipira chifukwa siioneka ndi maso ikachitidwa bwino.

Kuyambira kumapeto kwa 2022, pamene ChatGPT inatuluka ndipo makina opanga zithunzi anafala, kwabwera mavuto atsopano. Kasitomala amafika ndi chithunzi chimene mwana wake wapanga pa foni, n'kunena kuti ntchito yatha kale, ine ndingosindikiza pa theka la mtengo. Ndikachiyang'ana ndimapeza mlimi wovala zoyera ataima m'munda wosalala wopanda mizere, kumbuyo kuli thirakitala yaikulu ndi nkhokwe zachitsulo zimene mlimi wa kuno sanazionepo, ndipo mawu a Chichewa a pa chikwangwanicho ndi osokonekera, zilembo zina zosowa, zina zobwerezedwa. Makinawo sindikudana nawo, ndipo inenso ndimawagwiritsa ntchito pofufuza cholakwika mu pulogalamu. Chondidetsa nkhawa n'chakuti anaphunzira kuchokera ku zithunzi ndi zolemba za mayiko ena, kotero akamajambula mlimi amajambula wa kwina, ndipo ife tikamapachika zithunzi zotero m'masitolo mwathu tikuuza ana athu kuti ulimi weniweni ndi umene suoneka ngati wa makolo awo.

Zida zogwirira ntchito nazonso zasanduka za lendi. Kale munthu ankagula pulogalamu kamodzi n'kuigwiritsa ntchito zaka zambiri, koma kuyambira cha m'ma 2013, pamene Adobe, kampani yopanga mapulogalamu a dizayini, inasamukira ku malipiro a mwezi ndi mwezi, njira imeneyo yafala pafupifupi paliponse, ndipo malipirowo ndi a madola kudzera pa khadi la ku banki. Kwa munthu amene amalandira ma meticais, n'kumatumizako ena kwawo kumene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kupeza madola mwezi uliwonse ndi katundu wolemera. Mapulogalamu atsopano ngati Figma ndi Canva ndi abwino ndithu, koma mphamvu yawo yambiri ili pa intaneti, ndipo intaneti ya kuno si yodalirika. Mu May 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi SEACOM zinaduka, ndipo mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Mozambique ndi Malawi, anavutika masiku angapo. Chisankho cha kuno ku Mozambique cha pa 9 October chaka chomwecho chitadutsa, intaneti ya pa foni inkatsekedwa nthawi zina ndipo Facebook ndi WhatsApp zinkavuta kutsegula. M'masiku amenewo amene ntchito yake yonse inali pa intaneti anangokhala manja lende. Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, inafika m'dziko lino mu 2023, koma mtengo wa zida zake si wa shopu ya chipinda chimodzi ngati yanga. N'chifukwa chake ndinaphunzira Inkscape ndi GIMP, mapulogalamu aulere amene amakhala mu kompyuta momwemo, ngakhale kuti ndikapita kosindikiza ku mzinda wa Tete ambiri amafuna fayilo ya pulogalamu ina yotchedwa CorelDRAW, ndipo ndimayamba ndasintha mafayilo n'kuyang'ananso ngati mitundu sinasokonekere. Za magetsi ndingonena mwachidule kuti chigawo chino chili ndi damu la Cahora Bassa, lotha kupanga ma megawati 2,075, amene ochuluka amagulitsidwa ku South Africa, koma ine ndinagula sola ndi batire kuti ntchito ya kasitomala isafere pakati.

Pamwamba pa zonsezi pali nkhani yakuti ine ndine mlendo kuno. Ntchito ikakhala ya ndalama zambiri, monga ya makampani ozungulira migodi ya malasha ku Moatize kapena ya mabungwe othandiza alimi, imapita kwa anthu a ku likulu, chifukwa ali ndi ofesi yooneka ndi Chipwitikizi chosalala. Ikawonongeka ndi pamene amakumbukira kuti ku Ulongwe kuli Mmalawi wina wodziwa makompyuta, ndipo amandiitana kuti ndikonze pa mtengo wa chakudya cha masana. Ndikatchula mtengo woyenera amandikumbutsa, mwaulemu koma momveka, kuti ndine mlendo ndipo ndiyenera kuthokoza kuti ndapatsidwa mpata. Ndikapita kwathu kukafunsira ntchito zomwezo amati ndinachoka kale, ndipo akaunti yanga ya ku banki ndi ya dziko lina, kotero kundilipira n'kovuta. Anthu a kuno amene ndimakhala nawo, aneba ndi a mpingo, sanandisalepo, pakuti chilankhulo ndi miyambo ndi imodzi, ndipo ena agogo awo anaikidwa mbali ya kwathu. Tsankho ndimalipeza m'mapepala, m'mafomu ndi m'maofesi mmene amagawa ntchito.

Kwa inu abambo ndi amayi a mabizinesi a ku Angónia, Tsangano ndi Tete amene mukufuna tsamba la pa intaneti, pempho langa ndi lakuti musalipire ndalama yomaliza musanaliyese nokha. Tengani foni yotsika mtengo ya wantchito wanu, muzimitse Wi-Fi, mugule bandulo yaing'ono, mutuluke panja masana, ndipo muone ngati mtengo wa katundu ndi nambala yoimbira zikuoneka msanga. Mufunse wokonzayo kuti tsambalo likulemera ma MB angati, ngati fomu yake ikulandira nambala ya +265 ndi chiphaso cha mlendo, komanso ngati batani la WhatsApp lili poonekera, popeza makasitomala anu ambiri adzakupezani kudzera pamenepo. Mumuuzenso kuti dzina la tsamba ndi mawu achinsinsi olowera alembetse m'dzina lanu, chifukwa ndaona mabizinesi akutaya masamba awo wokonza atasamuka n'kusiya kuyankha foni, ndipo zikafika pamenepo ngakhale ine sindingathe kuwabwezeretsa.