Guluu wa nsidze sayenera kukhudza chikope

Mwezi watha mng'ono wanga anafika kwathu madzulo zikope zitatupa, maso ali psuu. Nditamukhazika pafupi ndi zenera n'kumuyang'anitsitsa, ndinaona kuti nsidze zake zapachikope zobadwa nazo zinali zitamatidwa zinayi kapena zisanu pamodzi, ndipo chibuluma cha guluu wakuda chinali chitakanirira pakhungu penipeni. Anakaikitsa nsidze zoikirira ku saluni ina pokonzekera chinkhoswe cha mnzake, ndipo akuti ntchito yonse sinakwane mphindi 30. Ineyo ndakhala ndikugwira ntchito yoika nsidze kwa zaka zingapo, choncho zimene ndinaonazo zinandipweteka mtima kwambiri, chifukwa ndikudziwa kuti vuto silinali maso ake koma kamatidwe kake.

Luso lonse la ntchito imeneyi lagona pa kupatula. Woika amagwira timbano tiwiri, kena kopatulira nsidze imodzi yachilengedwe kuti ikhale payokha, kena konyamulira yoikirirayo, ndipo amaviika tsinde lake lokha m'kadontho ka guluu n'kuimata pa nsidze yopatulidwayo, kusiya kampata kosakwana milimita imodzi kuchokera pachikope. Nsidze imodzi yoikirira imayenera kukhala pa nsidze imodzi yachilengedwe, osati pakhungu, osatinso pa ziwiri. Chifukwa chake n'chakuti nsidze zathu sizikula pa liwiro limodzi: ina ikungophuka kumene, ina yakhwima, ina yatsala pang'ono kuthothoka. Zikamatidwa pamodzi, imene ikukula imakoka inzake imene yasiya kukula, munthu n'kumamva kulasalasa akamaphethira, mapeto ake zonse zimazuka nthawi yake isanakwane. Chikope chapamwamba chimakhala ndi nsidze pafupifupi 100 kapena kuposerapo, ndiye amene akupatula imodziimodzi sangamalize maso onse awiri m'mphindi 30. Ntchito yabwino imatenga ola limodzi ndi theka kapena maola awiri, ndipo pano m'pamene mawu a akuluakulu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha amagwira ntchito ndithu.

Guluu weniweni wa nsidze amapangidwa ndi mankhwala otchedwa cyanoacrylate, a mtundu womwe uja umene kampani ya Eastman Kodak ku America inayamba kugulitsa mu 1958 ndipo lero ambiri timaudziwa ngati super glue. Wa nsidze anakonzedwa mwapadera, komabe nthunzi yake imayabwa m'maso, n'chifukwa chake kasitomala amayenera kutsinzina kuyambira poyamba mpaka pomaliza, nsidze zam'munsi zitaphimbidwa bwino. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chizolowezi chotenga guluu womatira tsitsi kumutu, kapena super glue wapagolosale, n'kumamatira nsidze zam'magulumagulu pachikope. Mtengo wake umakhala wotsika, inde, koma guluu wa tsitsi nthawi zambiri amakhala ndi labala wotchedwa latex amene anthu ena matupi awo sagwirizana naye, ndipo diso si malo oyeserapo zinthu.

Anzanga ambiri a m'masaluni sanauzidweko kuti guluu ameneyu amauma chifukwa cha chinyezi cha mumpweya, osati chifukwa cha mphepo yakupiza. Kuno kwathu zimenezi n'zofunika kuzidziwa. M'miyezi youma ngati Seputembala ndi Okutobala guluu amachedwa kugwira, moti nsidze imapendekeka kapena kukakamira inzake woika akafulumira kuchotsa kambano. M'dzinja, mvula ikamagwa tsiku ndi tsiku, amauma msanga asanafike pa nsidze, ndipo pakangopita masiku ochepa kasitomala amapeza nsidze zake papilo. Woika wodziwa amasintha kadontho ka guluu pafupipafupi, amasunga botolo pamalo ozizira litatsekedwa bwino, ndipo likatha mwezi umodzi kapena kuposerapo pang'ono chilitsegulireni amalitaya ngakhale likhale losatha. Amatsukanso nsidze za kasitomala asanayambe, pakuti guluu sagwira pa mafuta odzola kapena pa zotsalira za mascara, utoto wopaka nsidze.

Kulemera nakonso kuli ndi malire. Ndikudziwa kuti ambiri amafuna zazitali zooneka patali pa chithunzi cha ukwati, koma nsidze yopyapyala singasenze yoikirira ya mamilimita 15 popanda kuwerama kapena kuduka. Ine ndimakana poyera, ndipo ena amachoka atakhumudwa. Ndimalolera kutaya ndalama ya tsiku limenelo.

Kwa inu amene mumaikitsa, ndikupempha kuti muziona botolo la guluu musanagone pabedi la ku saluni, ndipo ngati ndi koyamba, pemphani kuti akuikeni nsidze zochepa kaye n'kudikira tsiku limodzi kapena awiri kuti muone ngati thupi lanu likugwirizana nazo. Mukamva kuwotcha kapena kuyabwa ntchito ili mkati, nenani nthawi yomweyo, musapirire poopa kuoneka ovuta. Zikayamba kuthothoka pakatha milungu iwiri kapena itatu, musazizule ndi zala, chifukwa pali mankhwala ake osungunulira guluu.

Mng'ono wanga ndinamuchotsa nsidzezo pang'onopang'ono ndi mankhwala amenewo, ndipo m'mawa mwake ndinamuperekeza kuchipatala chifukwa kutupa sikunaphwe. Panopa maso ake ali bwino, koma pachikope chakumanzere padakali mpata pamene panazuka nsidze, ndipo ndamuuza kuti sindimuika china chilichonse mpaka zake zitameranso.