Ku Chipata chaputala chimabwerera pa masabata awiri, changa chagona miyezi 8

Ndabwerako ku Chipata Loweruka lapitali ndipo mtima wanga sunakhazikikebe. Ndinapita kukazonda azakhali anga amene anakwatiwa kutsidya kwa Mwami. Iwo akupezako bwino, koma ine ndabwera ndi chilonda china, cha sukulu.

Ndine wachiwiri kwa ahedi pa CDSS ina kuno ku Mchinji. Chino ndi chaka chachinayi ndikulimbana ndi PhD ya utsogoleri ndi kayendetsedwe ka maphunziro pa yunivesite ina ya kwathu konkuno, dzina ndisunge. Kafukufuku wanga ndi wa momwe ahedi a masukulu akumudzi amagwirira ntchito ndi makomiti a makolo pa nkhani ya ndalama za sukulu. Chaputala chachitatu, chofotokoza njira zomwe nditsate pofufuza, ndinachitumiza kwa supavaiza wanga miyezi 8 yapitayo. Mpaka lero zii. Foni ndaimba, mauthenga pa WhatsApp ndatumiza, minibasi ndakwera kawiri konse kukakhala pabenchi pakhomo pa ofesi yawo. Yankho limakhala lomwelo: "Aphunzitsi, ndachiona, ndikuyankhani sabata yamawa." Sabata yamawayo yadya fizi ya semesita yathunthu.

Ndiye tamvani zomwe ndinaziona ndi maso angawa. Oyandikana nyumba ndi azakhali ndi mayi wina, hedi wa sukulu ya pulayimale. Anabwera madzulo kudzaona odwala, ndipo atamva kuti ndine mphunzitsi wa ku Malawi tinayamba kucheza pakhonde. Kani nawonso akuchita udokotala wa maphunziro omwewa, akuphunzira ali kunyumba, ku Lusaka amangopitako nthawi ya holide. Nditawafotokozera za chaputala changa anagwira pakamwa.

"Achimwene, miyezi 8? Nanga fizi mukulipira?"

"Ndikulipira, amayi."

Anatuma mwana kukatenga laputopu. Inali yakale, yothetheka pakona, batire yatsala pang'ono chifukwa magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Anatsegula chaputala chawo chachitatu, chimodzimodzi changa chija. M'mbali monse munali ndemanga zofiira, ndinawerenga mpaka 47. Pena supavaiza wawo analemba kuti masukulu asanu ndi ochepa, awonjezere. Pena anawafunsa kuti akamacheza ndi aphunzitsi omwe iwo eni amawalamulira, adziwa bwanji kuti sakuyankha mwamantha. Funso limeneli ndi lomwe lakhala likundisowetsa tulo pa kafukufuku wanga, ndipo palibe amene anandifunsapo. Kenako anandionetsa tsiku lomwe anatumiza ndi tsiku lomwe chinabwerera. Masiku 16. Anandionetsanso fomu yomwe amasainirana ndi supavaiza akakumana, yolembapo zomwe agwirizana ndi tsiku lomwe aliyense apereke gawo lake.

Ndinakhala chete nthawi yaitali. Kunena zoona ndinachita nsanje, ndipo ndinachitanso manyazi m'malo mwa dziko langa.

Chondiwawa n'chakuti anzathuwa sanatitsogolere poyambira. University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965, University of Zambia (UNZA) ya ku Lusaka inatsegula mu 1966. Tinayamba ndife. Koma pa nkhani ya utsogoleri wa sukulu iwo anaiona msanga ngati ntchito yofunika kuiphunzira payokha. Ku UNZA kuli dipatimenti yathunthu ya Educational Administration and Policy Studies. Ku Chongwe kuli Chalimbana, yomwe zaka zambiri inali koleji yosula aphunzitsi omwe ali kale pantchito isanasanduke yunivesite. Ku Kabwe kuli Kwame Nkrumah University, nayonso mizu yake ndi ya uphunzitsi. Mphunzitsi wa ku Zambia akafuna kukwera ali ndi zitseko zingapo zogogoda, ndipo amene akuphunzitsa amadziwa kuti akamugoneka apita kwina. Kwathu kuno uhedi timautengabe ngati mphotho ya munthu amene wakhalitsa pa choko. Lero uli m'kalasi, mawa akupatsa makiyi a ofesi ndi chidindo, basi uziona wekha. Amene wanena kuti akufuna PhD ya zimenezi amafunsidwa kuti kodi akufuna kuthawa sukulu.

Ndipo kafukufuku wa mtundu uwu sadikira. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ya pulayimale, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni chaka chimodzi. Analemba aphunzitsi osaphunzitsidwa masauzande ambiri, makalasi anasamukira pansi pa mitengo, ndipo ahedi a nthawi imeneyo anasenza katundu yemwe palibe anawakonzekeretsa. Zambia inachita zake mu January 2022, a Hakainde Hichilema atachotsa fizi mpaka Giredi 12, ndipo chaka chomwecho analemba aphunzitsi oposa 30,000. Mayi aja akulemba za zimenezo, momwe hedi amayendetsera sukulu yomwe yadzaza mwadzidzidzi pomwe ndalama zikuchokera ku boma osati kwa makolo. Akulemba chinthu chikadali chotentha, ndipo akamaliza a ku ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro m'boma lawo, adzakhala ndi choti awerenge. Ine ziwerengero zomwe ndinayambira zatha ntchito. Kwacha yathu inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama yomwe komiti ya makolo inkamangira chimbudzi pamene ndinkalemba pulopozo lero sigula ngakhale simenti yake. Mwezi uliwonse womwe chaputala changa chagona, mafunso anga akukalamba.

Pano ndivomereze zina, chifukwa sindikufuna kuti mkwiyo undinamize. Supavaiza wanga si waulesi. Chaputala chachiwiri atachiwerenga anachisenda mpaka fupa, ndipo zomwe anandiphunzitsa pamenepo sindikhulupirira kuti ndikanazipeza ku Lusaka kapena kwina kulikonse. Vuto n'lakuti munthu mmodzi akuphunzitsa makalasi odzaza a digiri yoyamba, akuchonga mayeso, ali m'makomiti, ndipo kumbuyo kwake kuli mzere wa ife a Masters ndi PhD. Madokotala a maphunziro amenewa ndi owerengeka m'dziko muno. Maziko nawo alipo ndithu: Masters ya Policy, Planning and Leadership ya ku Zomba ndi ya Leadership and Management ya ku Mzuzu zasula anthu ambiri amene lero ali m'maofesi a madivishoni ndi ku unduna. Ndivomerezenso kuti ku Zambia si mkaka ndi uchi. Mayunivesite omwe si aboma aphukira ngati bowa, ndipo ena mwa mapepala awo ukabwera nawo kuno uyenera kupuma kaye mpaka a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite kwathu kuno, atawaunika. Mayi aja okha anandichenjeza kuti ndisalembetse pena paliponse ndisanaone ngati a Higher Education Authority, oyang'anira mayunivesite ku Zambia, akupadziwa. Makalasi awo nawonso adzaza, madesiki akuperewera ngati kwathu.

Koma zonsezi sizifufuta masiku 16 aja. Kuchuluka kwa ntchito kungachedwetse yankho mwezi umodzi, mwina iwiri. Miyezi 8 imatheka pokhapokha pamene palibe amene amafunsa. Wophunzira akachedwa kulipira fizi tsiku limodzi dzina lake limatsekedwa mu kompyuta, koma chaputala chikagona chaka palibe belu lomwe limalira. Ndipo ife tinaleredwa kuti wamkulu sakumbutsidwa kawiri. Timangowomba m'manja n'kunena kuti zikomo bwana, tikamatuluka misozi ili m'maso. Mnzathu wa ku Zambia ulemu ali nawo, mayi aja amagwada popereka moni ngati amayi athu, koma pa nkhani ya sukulu yawo ali ndi pepala losainidwa loti aloze.

Ena andiuza kuti ndingopita ku South Africa. N'zoona kuti UNISA ya ku Pretoria yathandiza aphunzitsi ambiri a kuno, ndipo mgwirizano wa SADC wa zamaphunziro, womwe unasainidwa ku Blantyre konkuno mu 1997, umati wophunzira wa m'chigawo chino azimutenga ngati mwana wa pakhomo pa nkhani ya fizi. Koma fiziyo imafuna ma rand, ndipo aliyense amene waima pamzere ku banki kupempha ndalama zakunja akudziwa momwe zimathera. Ku Mozambique nako Chipwitikizi chimatitsekereza tisanayambe n'komwe. Zambia ndiyo ili pamphuno. Pa boda ya Mwami, chitsegulireni nyumba imodzi yodindira mapasipoti mu December 2022, umadutsa mwachangu, ndipo ukafika ku Chipata umalankhula chilankhulo chako chomwechi. N'chifukwa chake kusiyanaku kukupweteka kwambiri. Akanakhala a ku London ndikanati ndi ndalama. Awa ndi abale athu a Kulamba imodzi, nsima imodzi, magetsi ozimazima ngati athu.

Kusamuka sindisamuka. Ndikufuna digiri imeneyi ichokere kwathu, chifukwa masukulu omwe ndikulemba ndi a kwathu, ndipo ahedi 12 omwe anandilonjeza kuti adzacheza nane akundidikirabe. Awiri mwa iwo apuma kale pantchito chaputala chija chili m'kabati.

Fomu ija mayi aja ananditumizira pa WhatsApp ndisanakwere galimoto yobwerera. Ndaisindikiza makope awiri pa Boma, ndalembapo dzina langa, mutu wa chaputala ndi tsiku lomwe ndinachitumiza. Lolemba ndikupempha chilolezo kwa ahedi anga, ndikwera minibasi yoyamba, ndipo ndikakhala pabenchi paja mpaka mzere wa tsiku lobwezera utalembedwa ndi kusainidwa.