Ngalande si dzala, inu a mu Lilongwe!

Mvula ya Lachiwiri lapitali sinathe ngakhale ola limodzi, koma ku Mchesi madzi analowa m'nyumba mpaka kulekeza m'mawondo. Anyamata atatsika ndi makasu kukatsegula kalavati, mukudziwa zomwe anavuula? Mapampasi, majumbo, mabotolo apulasitiki, thumba la makoko a chimanga, ndi matiresi. Matiresi athunthu! Ndipo mitambo itangoyamba kuda, mayi wina wamkulu bwinobwino anaoneka akukhuthulira ndowa ya zinyalala m'ngalande momwemo, ati madzi akokolole. Akokolole apite nazo kuti? Kumwamba?

Kalavati satsekeka tsiku limodzi. Jumbo limakola pakamwa pa paipi, limagwira tizitsotso, tizitsotso tigwira mchenga, mchengawo n'kuuma gwa ngati simenti. Pampasi likamwa madzi limafufuma, ndipo siliola. Pofika Disembala, paipi yomwe mwana akanakwawamo yatsala ndi kampata kongolowa mkono. Madzi sapempha njira. Abwerera m'mbuyo, adya m'mphepete mwa tala, alowa pansi pa maziko a njerwa zomangira dothi, khoma n'kugwa usiku ana ali m'tulo.

Mwaiwala kale 2017? Mu February Lingadzi anasefukira ku Mtandire, mu Disembala madzi anakokolola anthu ndi katundu ku Kaliyeka, Chipasula ndi Kawale. Tinalira maliro, tinalandira mabulangete, dzuwa litawala tinabwerera kukamanga pomwepo. Mzinda uno unakhala likulu mu 1975 uli waung'ono. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Ngalande ndi zomwezija, koma ife makhalidwe ngati tikadali patokha kumunda.

Inu ogula puloti m'dambo chifukwa ndi yotchipa, mumayesa madzi a m'damboyo anasamuka? Inu okumba mchenga pansi pa gombe la mtsinje wa Lilongwe mpaka gombelo kulendewera, inu oumba njerwa m'mphepete mwa madzi n'kusiya maenje oti mwana amiremo, inu odula nsenjere ndi bango zomwe zimagwira dothi, mukufuna mtsinje uyende pati?

Za zimbudzi ndiye manyazi kuzinena. Chimbudzi chadzaza, m'malo moitana opopa, munthu adikira mvula yausiku, aboola kumbuyo kwa dzenje, zonse ziyenderere kwa aneba. Kumunsi kwake kuli chitsime chosavundikira chomwe ana amatungapo. Chimbudzi chokumba chimayenera kutalikirana ndi chitsime mamita 30, ndipo chikhale kumunsi kwa chitsimecho, osati kumtunda. Pa tipuloti ta m'makomboni timeneti mamita 30 muwapeza kuti? Ndiye madzi a pachitsime wiritsani, kapena thirani klorini n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Thumba la makala a ku Dzalanyama mumaligula mukuseka, chonsecho mtsinje womwe umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde umachokera komweko. Mpopi ukauma mudzatukwana ndani?

Mudzati khonsolo sibwera kudzatenga zinyalala. Inde, magalimoto opita kudzala la ku Area 38 safika m'makwalala onse, ndipo nafenso timadandaula. Koma kodi ndi khonsolo inanyamula matiresi aja? Makoko, masamba, phulusa ndi zotsala za m'mbale kumbirani dzenje lakuya mita imodzi, muziwazapo dothi pang'ono nthawi ndi nthawi, pakatha miyezi itatu kapena inayi mwapeza manyowa a padimba. Mabotolo ndi zitsulo alipo amagula. Zotsalazo mangani m'thumba, sonkhani ndi aneba mulipire wa wilibala wokazisiya pamalo ovomerezeka, ndipo mufunseni komwe akukataya, chifukwa ena amangokhotera pamlatho. Majumbo opyapyala osafika mamaikuloni 60 analetsedwa mu 2015, khoti lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, koma inu tomato wa K500 mufuna majumbo awiri. Dengu linakulakwirani chiyani?

Ngalande ya kutsogolo kwa nyumba yanu imafukulidwa mu Okutobala, mvula isanayambe, ndipo mchengawo muuchotse, osauunjika m'mphepete kuti mvula yoyamba iubwezeremo. Amfumu a m'mabuloko, mwakhala chete bwanji?

Anthu akuluakulu, a ndevu ndi zidzukulu, kumazemba usiku ndi ndowa. Musiyiretu zimenezo.